Kuyeza Njala ya Mbewu ndi Kuwala Pofuna Kudziwa Mlingo wa Feteleza Wobereketsa

Mau okambidwa kwa alangizi a zaulimi a m'chigawo cha kum'mwera ndi pakati pa Africa

Mau oyamba

M'miyezi ya Disembala ndi Januwale mlangizi aliyense wa zaulimi amakumana ndi funso limodzi kulikonse kumene wapita: kodi munda uno ufunika matumba angati a feteleza wobereketsa? Yankho lolembedwa m'mabuku silisintha. Kwa zaka zambiri alimi a chimanga cha haibulidi ku Malawi analangizidwa kuthira makilogalamu 92 a nayitirojeni pa hekitala, ndiwo matumba awiri a feteleza wokulitsa ndi atatu a yureya. Ku Zambia langizo lodziwika linali matumba anayi a Compound D ndi anayi a yureya. Milingo imeneyi inachokera ku kafukufuku woona, koma inaikidwa moganizira munda wapakatikati m'chaka cha mvula yapakatikati. Munda wa mlimi amene wafunsa funso uja ungakhale wamchenga kapena wakatondo, mwina munali mtedza chaka chatha, mwina mvula yachuluka n'kukokolola chakudya cha mbewu chisanagwire ntchito.

Nkhani ino ikufotokoza za zipangizo zimene zimayeza kubiriwira kwa mbewu pogwiritsa ntchito kuwala, ndi m'mene zingathandizire kusankha mlingo wa nayitirojeni mbewu zili kale m'munda. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti chipangizocho chimapereka langizo lodalirika pokhapokha m'mundamo muli kachigawo kofanizira kamene kanalandira feteleza wokwanira. Popanda kachigawoka, nambala yotuluka pa chipangizo ingasocheretse mlangizi ndi mlimi yemwe.

Chifukwa chake nayitirojeni ndi wovuta kulangiza

Nayitirojeni amasiyana ndi fosifolasi chifukwa sakhalitsa m'nthaka. Mvula ikagwa yambiri amatsika pansi kupitirira mizu, makamaka pa dothi lamchenga. Yureya akasiyidwa pamtunda osakwiriridwa, gawo lina limauluka ngati mpweya. Pamalo podikha madzi tizilombo ta m'nthaka timamusandutsanso mpweya. M'chaka cha 1999 akatswiri awiri a pa Oklahoma State University ku America, William Raun ndi Gordon Johnson, anawerengetsa kuti pa dziko lonse lapansi mbewu monga chimanga, tirigu ndi mpunga zimabweza m'zokolola pafupifupi magawo 33 okha pa 100 alionse a nayitirojeni wothiridwa. Ndiye kuti pa matumba atatu amene mlimi wagula, awiri sapezeka m'nkhokwe.

Komanso nthaka payokha imapereka nayitirojeni kuchokera ku manyowa, mapesi ndi mizu yowola, ndipo kuchuluka kwake kumasintha chaka ndi chaka. Mvula yoyamba ikanyowetsa dothi louma, nayitirojeni wambiri amamasuka nthawi imodzi. Chaka china mbewu zimamupeza, chaka china amakokoloka mizu isanakule. Palibe amene angadziwe zimenezi pa tsiku lobzala. Zimadziwika mbewu zikakula, ndipo zimaonekera pa masamba.

M'mene chipangizo chimagwirira ntchito

Tsamba lathanzi lili ndi chinthu chobiriwiritsa chotchedwa klorofilu, ndipo mbewu imafunika nayitirojeni kuti ichipange. Klorofilu amamwa kuwala kofiira kuti mbewu ipange chakudya chake. Pali mtundu winanso wa kuwala umene maso a munthu sauona, wotchedwa near-infrared, ndipo umenewu masamba amaubweza wambiri. Tsono mbewu yokhuta, ya masamba ochuluka ndi obiriwira, imabweza kuwala kofiira kochepa ndi kuwala kosaoneka kuja kochuluka. Mbewu yanjala, kapena dothi lopanda mbewu, imabweza mitundu iwiriyi mosasiyana kwambiri.

Chipangizo chimawalitsira mbewu mitundu iwiri ya kuwalayi, n'kuyeza kumene kwabwerera, n'kutulutsa nambala imodzi yotchedwa NDVI. Pa chipangizo chonyamula m'manja nambalayi imayambira pa 0.00 mpaka 0.99. Dothi lopanda kanthu limapereka nambala yotsika, ndipo mbewu yobiriwira imene yaphimba nthaka imapereka yokwera. Mawerengedwe a NDVI anayamba m'zaka za m'ma 1970 pounika zithunzi za setilaiti ya Landsat imene inaulutsidwa mu 1972. Chimene chinachitika pambuyo pake ndi kutsitsa luso limeneli kuchoka kumwamba kufika m'dzanja la munthu woyenda m'munda.

Zipangizozi zilipo za mitundu ingapo. Cha SPAD, chopangidwa ndi kampani ya Minolta ya ku Japan, chimapanidwa pa tsamba limodzi nthawi imodzi. N-Sensor, chimene chinayamba ku Germany chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, chimamangidwa pamwamba pa thirakitala ndipo chimauza makina omwaza feteleza kuti awonjezere kapena achepetse akuyenda. GreenSeeker anachipanga akatswiri a pa Oklahoma State University, chinayamba kugulitsidwa ndi kampani ya NTech Industries, imene inagulidwa ndi Trimble mu 2009, ndipo mu 2012 kunatuluka chaching'ono chonyamula ndi dzanja limodzi. Popeza chili ndi kuwala kwakekwake, chimawerenga chimodzimodzi kaya kuli dzuwa kaya mitambo. Woyeza amachigwira pamwamba pa mbewu pa mtunda wa masentimita 60 mpaka 120, n'kumayenda motsata mzere, ndipo pamapeto pake chimasonyeza nambala yapakati ya malo onse amene wadutsa.

Pano pali chinthu chofunika kuchimvetsa. Chipangizochi sichiyeza nayitirojeni wa m'nthaka kapena wa m'tsamba. Chimaona kuchuluka kwa masamba ndi kubiriwira kwake basi. Nambala ya 0.60 payokha siuza munthu ngati mbewu ili ndi njala. Mtundu wina wa chimanga ndi wobiriwira mwachibadwa kuposa unzake, ndipo munda wobzalidwa mochedwa umawerenga motsika ngakhale uli wokhuta.

Ndime yokhuta

Njira yothetsera vutoli ndi yosavuta. Pa nthawi yobzala mlimi amapatula kachigawo ka munda, mwina mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, pamalo poyimira bwino munda wonse, osati pachulu kapena pamene panali khola. Kachigawoka kamalandira nayitirojeni wochuluka moti mbewu zake sizingamve njala ya chakudya chimenechi m'nyengo yonse. Munda wotsalawo umalandira feteleza wokulitsa monga mwa masiku onse. Mtundu wa mbewu, tsiku lobzala, kutalikirana kwa mapando ndi kapaliridwe zimakhala zofanana. Kachigawo kameneka kangatchedwe ndime yokhuta.

Nthawi yothira wobereketsa ikafika, mlangizi amayeza ndime yokhuta ndi munda wa mlimi tsiku limodzi. Nambala ziwirizi zikafanana, ndiye kuti nthaka yadyetsa mbewu mokwanira chaka chimenecho, ndipo feteleza wowonjezera sangabweze ndalama zake. Ndime yokhuta ikapambana kwambiri, ndiye kuti munda uli ndi njala ndipo uyankha ukathiridwa. Kukula kwa kusiyanako ndiko kumasonyeza mlingo.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Munda wa mlimi wawerenga 0.60 ndipo ndime yokhuta yawerenga 0.75. Kugawa 0.75 ndi 0.60 kukupereka 1.25, kusonyeza kuti zokolola zingakwere ndi pafupifupi gawo limodzi pa magawo anayi. Ngati munda monga ulili ukuyembekezeka kutulutsa matani 3 pa hekitala, ukathiridwa ungafike pa matani 3.75, phindu la makilogalamu 750 kapena matumba 15 a chimanga. Chimanga chimamwa pafupifupi makilogalamu 20 a nayitirojeni kuti chitulutse tani imodzi, choncho makilogalamu 750 afunika 15. Ngati mbewu zingagwire theka lokha la feteleza wothiridwa, mlimi athire makilogalamu 30 a nayitirojeni. Yureya ali ndi magawo 46 pa 100 alionse, ndiye afunika makilogalamu 65, thumba limodzi ndi pang'ono, pamene buku likanati matumba atatu. Chaka china munda womwewo ungawerenge 0.50, ndipo mlingo ungakwere kuposa pamenepa pafupifupi kawiri.

Mawerengedwe enieni a akatswiri ali ndi zina zowonjezera. Amagawa nambala ya NDVI ndi chiwerengero cha masiku amene mbewu yakhala ikukula kuti apeze zokolola zoyembekezeka, ndipo ubale wa nambala ndi zokolola umachokera ku minda yoyeserera ya zaka zingapo m'dera lomwelo. Mawerengedwe opangidwira tirigu wa ku Oklahoma sangagwire ntchito pa chimanga cha ku Chipata kapena ku Angónia. Dera lililonse, ndi mbewu iliyonse, ifunika mawerengedwe ake.

Zimene zinachitika ku chigwa cha Yaqui

Chitsanzo chodziwika bwino cha njira imeneyi chili ku Mexico, m'chigwa cha Yaqui m'chigawo cha Sonora, kumene Norman Borlaug anachitira ntchito yake yopanga mitundu yatsopano ya tirigu kuyambira m'zaka za m'ma 1940. Alimi akumeneko amalima tirigu wothirira, ndipo ankathira pafupifupi makilogalamu 250 a nayitirojeni pa hekitala, gawo lalikulu asanabzale n'komwe. Wambiri ankakokoloka ndi madzi othirira. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2005 anasonyeza kuti madzi ochoka m'minda ya m'chigwachi amachulukitsa ndere m'nyanja ya Gulf of California masiku ochepa chabe alimi akathirira.

Bungwe la CIMMYT, motsogozedwa ndi Ivan Ortiz-Monasterio pamodzi ndi William Raun, linayesa ndime yokhuta ndi GreenSeeker m'minda ya alimi enieni. Alimi anachepetsa feteleza wothira asanabzale, ndipo wotsalayo anadikira kuti tirigu ayambe wayezedwa. Zotsatira zofalitsidwa mu 2007 zinasonyeza kuti alimi anapulumutsa pafupifupi makilogalamu 69 a nayitirojeni pa hekitala popanda zokolola kutsika. Mlingo umenewu ndi wofanana ndendende ndi matumba atatu a yureya.

Pali zinthu zitatu zimene zinathandiza kumeneko zimene mlangizi wa kuno ayenera kuziganizira. Minda yake ndi yothirira, kotero madzi sanali chopinga. Mbewu inali imodzi m'munda wonse, yobzalidwa ndi makina mofanana. Ndiponso mlimi sanagule chipangizo yekha. Anali alangizi ophunzitsidwa amene ankayenda nacho m'minda ya alimi ambiri.

Kusiyana kwa minda ya kuno

Alimi a ku Yaqui vuto lawo linali kuthira mopyola muyeso. Alimi ang'onoang'ono a chimanga m'chigawo chino vuto lawo ndi kuperewera. Pamene atsogoleri a maiko a mu Africa anakumana ku Abuja mu 2006, feteleza wothiridwa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anali pafupifupi makilogalamu 8 a chakudya cha mbewu pa hekitala, ndipo anagwirizana zofika pa 50 pomafika 2015. Mitengo ya feteleza inakweranso kwambiri mu 2021 ndi 2022. Mlimi wokhala ndi thumba limodzi sangauzidwe za kupulumutsa matumba atatu.

Komabe funso la mlimi wotereyu ndi lolemera kuposa la mnzake wa ku Mexico. Ali ndi thumba limodzi ndi minda iwiri kapena itatu: wa pafupi ndi nyumba umene umalandira zinyalala ndi manyowa, wa kutali umene walimidwa chimanga zaka zambiri, ndi wina umene munali soya kapena mtedza. Akamwaza thumbalo paliponse mofanana, gawo lina ligwera pamene silikufunika, ndipo lina ligwera pa dothi loguga limene siliyankha chifukwa chosowa zinthu zina. Ndime yokhuta m'munda uliwonse imasonyeza poyera pamene feteleza abweze ndalama. Pamene ndime yokhuta yapambana munda, thumba lipite kumeneko. Pamene ndime yokhuta yomwe ili yachikasu ndi yopinimbira, vuto si nayitirojeni, ndipo kuthira yureya ndi kutaya ndalama.

Ganizo losintha mlingo potsata malo ndi nyengo si lachilendo kuno. M'nyengo ya 1995/96 ku Malawi kunachitika kafukufuku wa feteleza m'minda ya alimi yoposa 1,000, ndipo kuchokera pamenepo kunatuluka malangizo osiyana malinga ndi dera. Ku Zimbabwe m'zaka zomwezo, ntchito ya Melvyn Piha inasonyeza ubwino wogawa feteleza wobereketsa kangapo, n'kumathira kapena kuleka potsata m'mene mvula ikugwera. Chipangizo cha kuwala chikungowonjezera pa maziko amenewa njira yoyezera ndi nambala zimene kale zinkaweruzidwa ndi maso okha.

Alimi a tirigu wothirira wa m'nyengo yozizira ku Zambia ndi ku Zimbabwe, amene amathira feteleza wambiri, ndiwo minda yawo ikufanana kwambiri ndi ya ku Yaqui. Kwa alimi a mpunga pali njira yotsika mtengo imene bungwe la IRRI linafalitsa ku Asia, ndiyo kachikwangwani ka pulasitiki ka mitundu inayi ya kubiriwira kamene mlimi amafanizira ndi tsamba.

Zimene zingasocheretse mlangizi

Chikasu cha masamba chili ndi magwero ambiri, ndipo chipangizo sichingawasiyanitse. Njala ya nayitirojeni imayambira pa masamba akale a m'munsi, chikasu chikuyenda kuchokera kunsonga kutsata msempha wapakati. Njala ya salufa imaonekera pa masamba atsopano a kumwamba. Kusowa kwa zinki kumabweretsa mizere yoyera m'mbali mwa msempha. Kaufiti amapinimbiritsa chimanga iye asanatuluke n'komwe pamtunda. Ng'amba, madzi odikha, dothi la asidi ndi mbozi za ntchemberezandonda zimene zinafika m'chigawo chino m'nyengo ya 2016/17, zonsezi zimatsitsa nambala. Choncho mlangizi ayenera kuyang'ana mbewu ndi maso ake asanakhulupirire chipangizo.

Nambala yokwera nayonso inganame. Udzu ndi wobiriwira ngati chimanga, ndipo munda wosapalira ungawerenge ngati wokhuta. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimodzimodzi m'minda ya kasakaniza, masamba a nyemba, maungu ndi nandolo amalowa m'nambala ya chimanga. M'minda yotere chipangizo chigwiritsidwe ntchito mosamala kwambiri, ndipo ndime yokhuta ikhale ndi mbewu zosakaniza zomwezo.

Nthawi yoyezera ndi vuto lina. Chimanga chikakhala chaching'ono chipangizo chimaona dothi kuposa masamba. Chikakula n'kutseka mizere, nambala imafika pamwamba n'kuima, osasiyanitsanso munda wokhuta ndi wokhuta pang'ono. Nthawi yabwino ndi pamene chimanga chili ndi masamba 8 mpaka 12, ndipo tirigu pamene akuyamba kutulutsa mfundo yoyamba. Kwa chimanga nthawi imeneyi imafika mochedwerapo kuposa masabata atatu amene alimi ambiri anazolowera kuthira wobereketsa. Njira yabwino ndiyo kugawa wobereketsa pawiri: gawo laling'ono pa nthawi yozolowereka, ndipo lachiwiri lidikire zotsatira za kuyeza. Izi zimawonjezera ntchito pa nthawi imene banja latanganidwa ndi kupalira ndi kubandira, ndipo mlangizi ayenera kunena zimenezi poyera.

Pomaliza, chipangizo sichidziwa za mvula ya mawa. Chimasonyeza m'mene mbewu yakulira kufika tsiku loyeza. M'madera a mvula yosadalirika mlingo wotuluka m'mawerengedwe uyenera kuchepetsedwa ngati dothi lili louma kapena ng'amba ikuyembekezeka.

Zoyenera kuchita

Choyamba, ntchito iyambe ndi ndime zokhuta, ngakhale chipangizo palibe. Kalabu iliyonse ya alimi ingakhale ndi ndime zingapo m'minda yosiyana dothi ndi mbiri. Ndime ya mamita 10 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi imafuna yureya wosafika makilogalamu awiri. Kusiyana kwakukulu kumaoneka ndi maso, ndipo alimi amakhulupirira chimene aona m'munda mwawo kuposa chimene amva pa msonkhano.

Chachiwiri, kumene chipangizo chilipo chikhale cha ofesi ya zaulimi, kalabu kapena bungwe la alimi, chifukwa chimodzi chingatumikire minda yambiri pa tsiku. Woyeza achigwire pa msinkhu umodzi, ayende mizere ingapo m'munda uliwonse, ndipo adikire mame aume.

Chachitatu, zonse zilembedwe: mtundu wa mbewu, tsiku lobzala, tsiku loyeza, nambala ziwiri zija, feteleza wothiridwa, mbewu ya chaka chatha ndi zokolola za ndime yokhuta ndi za munda. Zolembedwa zimenezi, zikasonkhanitsidwa kwa zaka zitatu kapena zinayi ndi kuperekedwa ku malo a kafukufuku, ndizo zidzapange mawerengedwe oyenera dera lililonse. Akatswiri a kafukufuku sangafike m'minda yonse imene alangizi amafikamo.

Chachinayi, mpaka mawerengedwe a dera atapangidwa, mlangizi apereke langizo la magawo atatu okha: osathira, kuthira theka la mlingo wa m'buku, kapena kuthira mlingo wonse. Kutchula nambala yeniyeni ya makilogalamu kuchokera ku mawerengedwe a dziko lina kungaoneke ngati ukatswiri, koma mlimi akataya nazo ndalama sadzabweranso ku munda wachionetsero.

Mau omaliza

Feteleza ndi chinthu chodula kwambiri chimene mlimi wa chimanga amagula m'chaka, ndipo ambiri amachigula pogulitsa mbuzi kapena potenga ngongole. Langizo la mlingo umodzi kwa onse linathandiza pa nthawi imene panalibe njira yofunsira munda uliwonse payekha. Tsopano njirayo ilipo, ndipo gawo lake lofunika kwambiri ndi mizere yochepa yothiridwa mokwanira pa tsiku lobzala. Nyengo yobzala ikubwerayi, mlangizi aliyense angathe kuyamba ndi alimi asanu kapena khumi, n'kulemba zimene ndime zawo zokhuta zidzasonyeze pofika Januwale ndi pa nthawi yokolola.